Dardanelles ndi Bosphorus: Khomo Limene Mizinga Inalephera Kutsegula

Pamalire a Ulaya ndi Asia pali malo pamene maiko awiriwo ayandikana kwambiri, kotero kuti munthu woima tsidya lino atha kuona nyumba ndi anthu a tsidya lija, madzi a nyanja ali kuyenda pakati. Malo otere achedwa mpata wa nyanja. Mipata iwiri yochuka iri m'dziko la Turkey, wina dzina lace Bosphorus, wina Dardanelles. Mafumu ndi maboma akhala akulimbirana mipata imeneyi zaka ngati 2,500. Amene anayesa kuitsegula ndi mizinga m'caka ca 1915 anatayapo zombo ndi anthu ambirimbiri, osaphula kanthu. Koma pangano lolembedwa m'caka ca 1936 ndilo lasunga mwambo pamalopo kufikira lero.

Combo cocokera ku nyanja ya Black Sea ciyamba kulowa mu Bosphorus. Mpata umenewu kutalika kwace ndi makilomita 31, ndipo pamene papapatiza koposa, kucokera gombe lina kufika linzace, ndi mamita ngati 700 okha. Mzinda waukuru wa Istanbul unamangidwa m'mbali zace zonse ziwiri. Kucoka pamenepo combo cioloka nyanja yaing'ono ya Marmara, ndi kulowa mu Dardanelles, mpata wa makilomita 61, umene pafupi ndi mzinda wa Çanakkale ungopitirira pang'ono kilomita imodzi m'mimba mwace. Cikaturuka m'menemo cafika pa nyanja ya Aegean ndi ya Mediterranean, ndipo njira ya ku nyanja zonse za dziko lapansi yatseguka.

Zombo zazikuru ziribe njira ina koma yomweyi. Mitsinje ya Danube, Dnieper ndi Don itsira madzi ace kumbali ya Black Sea, ndipo maiko a kumeneko ali ndi nthaka yakuda yobala tirigu wambiri. Tsono eni tiriguyo afanana ndi munthu amene nkhokwe yace iri mkati mwa mpanda wa mnzace: cakudya ndi cace, koma cipata ndi ca mwini mpanda.

Masiku a kale lomwe

M'caka ca 480 Kristu asanabadwe, Xerxes mfumu ya Aperisi anafuna kuolotsa ankhondo ace kukathira nkhondo Agiriki. Analamula kuti amange ulalo pa Dardanelles, polumikiza ngalawa zambiri ndi zingwe. Namondwe anauononga ulalowo, ndipo Herodotus, wolemba mbiri, asimba kuti mfumu inapsa mtima nilamula kuti madziwo akwapulidwe zikoti 300. Anamanganso ulalo wina, ankhondo naoloka, koma ku Greece anakagonjetsedwa.

Patapita zaka 75 kunacitika cinthu cimene cionetsa bwino mphamvu ya mpatawu. Anthu a mzinda wa Athens anali kudya tirigu wocokera ku Black Sea. M'caka ca 405 Kristu asanabadwe, Lysander, mkuru wa zombo za adani ao a ku Sparta, anagwira pafupifupi zombo zonse za Athens pamalo ochedwa Aegospotami, m'mbali mwa Dardanelles. Sanabvutike ndi kugumula malinga a Athens. Iye anatseka njira ya tirigu, natsekanso doko la mzindawo. Njala inalowa, ndipo caka cotsatira Athens anagonja.

Mfumu Constantine ya Aroma inakhazika likuru lace m'mbali mwa Bosphorus m'caka ca 330, mzindawo nuchedwa Constantinople, womwe lero ndi Istanbul. Unakhala likuru zaka zoposa 1,000. Pamene Sultan Mehmed waciwiri, mfumu ya Aturuki, anatsimikiza mtima kuulanda, anayamba watseka madzi. M'caka ca 1452 anamanga linga la Rumeli Hisari pamene Bosphorus apapatiza, moyang'anana ndi linga lina lakale la tsidya la Asia. Aturuki analicha dzina lotanthauza "Wodula Pakhosi", pakuti m'cinenero cao liu lonena mpata wa nyanja ndi lonena pakhosi ndi limodzi. Combo ciri conse cinayenera kuima ndi kupereka msonkho. Combo cina ca ku Venice cinakana, ndipo mwala wa mzinga unacimiza. Pa 29 May, 1453, mzinda unagwa. Kwa zaka ngati 300 pambuyo pace Black Sea inasanduka dziwe la Sultan, ndipo alendo sanali kulowamo popanda cilolezo cace.

Russia ndi Britain alimbirana cipata

Akuru anati, wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Amene anamva m'mimba anali Russia, pamene anakula nafika m'mbali mwa Black Sea. Atagonjetsa Aturuki m'masiku a Mfumukazi Catherine, pangano la ku Küçük Kaynarca la m'caka ca 1774 linalola zombo zace zamalonda kupita pamipatayo. Kuyambira pamenepo Russia anali kufuna zinthu ziwiri: kuti zombo zace zizituruka, ndi kuti zombo zankhondo za adani ace zisalowe. Britain anali kufuna zosiyana ndi zimenezi, pakuti anaopa kuti zombo zankhondo za Russia zikafika ku Mediterranean zidzakhala pafupi ndi njira yace ya ku India. Ufumu wa Sultan unali kufooka caka ndi caka, komabe cipata cinakhalabe m'manja mwace, cifukwa ali yense wa akuru awiriwo anaona kuti nkwabwino kuti cisungidwe ndi munthu wofooka koposa kuti cigwe m'manja mwa mnzace wamphamvu.

M'caka ca 1807 Angelezi anayesa mphamvu. Mkuru wa zombo, Duckworth, anapyola Dardanelles mu February nafika pafupi ndi Constantinople. Koma analibe asilikari oti atsike pamtunda, ndipo pamene iye anali kutumizirana makalata ndi nduna za Sultan, Aturuki anali kuimika mizinga m'gombe monse. Anabwerera kuciyambi kwa March, zombo zace zikuphwanyidwa ndi miyala yaikuru yoponyedwa ndi mizinga yakale. Phunziro linali poyera, kuti zombo zokha sizingasunge madzi amene magombe ace onse awiri ali ndi mdani. Koma patapita zaka 108 phunzirolo linali litaiwalika.

M'caka ca 1833 Sultan anapanikizidwa ndi ankhondo a Muhammad Ali, wolamula Egypt, ndipo Russia anamuthandiza. Malipiro ace anali mau acinsinsi m'pangano la ku Hünkâr Iskelesi, akuti Sultan adzatseka Dardanelles pamaso pa zombo zankhondo za maiko ena pothandiza Russia. Britain ndi France sanakondwere. Mlanduwo unatha m'caka ca 1841 ku London, kumene maiko akuru anagwirizana kuti pamene Turkey ali pamtendere, combo cankhondo ca mlendo ali yense cisapite pamipatayo. Koma pa nkhondo ya ku Crimea, ya 1853 mpaka 1856, Turkey mwini anali pankhondo ndi Russia, ndipo anatsegulira zombo za Britain ndi France, zimene zinakazinga mzinda wa Sevastopol. M'caka ca 1912, pomenyana ndi Italy, Aturuki anatsekanso Dardanelles masabata owerengeka okha, ndipo malonda a Russia anagwedezeka, pakuti gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a katundu amene Russia anali kugulitsa kunja, makamaka tirigu, linali kudzera njira imeneyi.

Nkhondo ya 1915

Nkhondo Yaikuru Yoyamba itayamba mu August, 1914, zombo ziwiri zankhondo za Ajeremani, Goeben ndi Breslau, zinathawa Angelezi pa Mediterranean nizilowa mu Dardanelles pa 10 August. Zinakweza mbendera ya Turkey, koma oziyendetsa anali Ajeremani omwewo. Mu September mpata unatsekedwa, ndipo pa 29 October zombo za Turkey, motsogozedwa ndi mkuru wa Cijeremani dzina lace Souchon, zinaombera madoko a Russia. Motero Turkey analowa nkhondo kumbali ya Germany. Tirigu wa Russia anatsekeredwa m'madoko, ndipo mfuti ndi zipolopolo zocokera kwa anzace, Britain ndi France, zinasowa njira yapafupi.

Winston Churchill, amene nthawi imeneyo anali nduna yoyang'anira zombo zankhondo za Britain, anakhulupirira kuti zombo zitha kupyola ndi kukaopsa Constantinople kuti Turkey aleke nkhondo. Anayamba kuombera malinga a pakhomo pa 19 February, 1915. Bvuto linali lakuti m'madzi munali mizere ya mabomba oyandama, ndipo zombo zazing'ono zocotsa mabombawo, zoyendetsedwa ndi asodzi wamba, sizinathe kugwira nchito cifukwa ca mizinga ya pamtunda. Komanso zombo zazikuru sizinathe kuyandikira kuti zithane ndi mizingayo cifukwa ca mabomba.

Pa usiku wa 7 March, kacombo kakang'ono ka Aturuki kochedwa Nusret kanachera mabomba 26 m'mbali mwa gombe la Erenköy. Sanawaike mopingasa monga enawo, koma motsata gombe, pamalo pamene Aturuki anaona kuti zombo za adani zikonda kutembenukira. Pa 18 March zombo zazikuru 18 za Angelezi ndi Afalansa zinalowa mumpata, motsogozedwa ndi de Robeck. Kufikira masana zinthu zinaoneka ngati ziri kuyenda bwino. Koma potembenuka, combo ca Afalansa cochedwa Bouvet cinagunda bomba nicimira m'mphindi ngati ziwiri, pamodzi ndi anthu oposa 600. Dzuwa lisanalowe zombo ziwiri za Angelezi, Irresistible ndi Ocean, zinagundanso mabomba nizitayika, ndipo zina zitatu zinaonongeka kwambiri. Zombo sizinayesenso kupyola zokha.

Tsono anaganiza zotsitsa asilikari pa ndomo ya Gallipoli, mtunda wautali wa mapiri ndi zigwembe umene uchinga Dardanelles kumbali ya Ulaya, kuti akalande mizinga cakumbuyo. Koma panapita masabata asanu akukonzeka, ndipo Aturuki, pansi pa kazembe wa Cijeremani Liman von Sanders, anakumba maenje ndi kuchinga magombe ndi waya waminga. Pa 25 April, 1915, Angelezi anatsika pa Cape Helles, ndipo a ku Australia ndi New Zealand anatsika pa kagombe kamene lero kachedwa Anzac Cove. M'nkhondo imeneyi munalinso asilikari a ku India ndi Nepal kumbali ya Angelezi, ndi a ku Senegal ndi maiko ena a kumadzulo kwa Africa kumbali ya Afalansa. Tsiku loyamba lomwelo msilikari wina wamkuru wa Aturuki, Mustafa Kemal, anazindikira kuti amene agwire nsonga za mapiri ndiye adzapambana, nathamangitsira anthu ace kumeneko osayembekeza lamulo. Obwerawo anapanikizidwa m'mphepete mwa nyanja.

Anakhala m'maenje miyezi isanu ndi itatu. M'malo ena maenje a adani anali pafupi, poti munthu nkuponya mwala. Madzi akumwa anali osowa, nchenche zinali mbuu pa mitembo ndi pa cakudya, kamwazi anagwetsa anthu ambiri, ndipo mu November kunadza cisanu coopsa. Mu August anayesanso potsitsa asilikari ena pa Suvla Bay, koma analephera. Potsiriza anacoka mwakacetecete usiku, ena mu December, 1915, otsala pa 9 January, 1916. Akufa a mbali zonse ziwiri anapitirira 100,000; mwa iwo a ku Australia anali oposa 8,000, a ku New Zealand oposa 2,700. Churchill anacotsedwa pa udindo wace. Russia, amene anzace anali atamulonjeza mwacinsinsi m'caka ca 1915 kuti nkhondo ikatha adzatenga Constantinople ndi mipata yonse, anatsalabe wotsekeredwa, ndipo m'caka ca 1917 ufumu wace unagwa, lonjezo lija niligwera limodzi.

Zombo za Angelezi ndi Afalansa zinadzapita ndithu pa Dardanelles mu November, 1918, koma zosaomba mzinga, pakuti Turkey anali atagonja m'maiko ena nasaina pangano loleka nkhondo ku Mudros pa 30 October.

Pangano la ku Montreux

Ogonjetsawo anafuna kulanda cipata m'manja mwa Turkey, koma Mustafa Kemal yemwe uja anadzutsa mtundu wace, namenya nkhondo ina, nakana pangano la ku Sèvres la 1920. Pangano latsopano la ku Lausanne, la pa 24 July, 1923, linabwezera Turkey dziko lace, koma linamuletsa kuika asilikari kapena mizinga m'mbali mwa mipatayo, ndipo bungwe la maiko ndilo linali kuyang'anira zombo zopita.

Pofika 1936 ku Ulaya kunali kununkhanso nkhondo. Italy anali atalowa mu Ethiopia, ndipo anali ndi zisumbu pafupi ndi gombe la Turkey. Mu March, Hitler analowetsa asilikari ace ku Rhineland, kuswa pangano osafunsa munthu. Turkey akadafuna akadacita comweco, koma iye anasankha njira ina: mu April analembera maiko a pangano la Lausanne kupempha kuti akhalenso pansi. Ulemu umenewu unampindulira. Anasonkhana ku Montreux m'dziko la Switzerland, ndipo pa 20 July, 1936, maiko 10 anasaina: Turkey, Britain, France, Soviet Union, Bulgaria, Romania, Greece, Yugoslavia, Japan ndi Australia.

Mau akuru a panganolo ndi awa. Turkey aloledwa kuikanso asilikari ndi mizinga, ndipo bungwe la maiko lija lithetsedwa. Pa nthawi ya mtendere zombo zamalonda za mtundu uli wonse zipita mwaufulu, usana ndi usiku. Zombo zankhondo ziyenera kuyamba zadziwitsa Turkey masiku 8 zisanapite. Maiko amene sali m'mbali mwa Black Sea aloledwa zombo zocepa zokha: zopita nthawi imodzi zisapitirire 9, kulemera kwace pamodzi kusapitirire matani 15,000, ndipo zisakhale mu Black Sea masiku oposa 21. Maiko ena akakhala pankhondo, Turkey osamenya nao, zombo zankhondo za omenyanawo ziletsedwa kupita, kupatula zimene ziri kubwerera ku madoko a kwao. Koma Turkey mwini akakhala pankhondo, kapena akaona kuti nkhondo yamuyandikira, atsegula ndi kutseka monga afuna.

Palibe amene anapeza zonse zimene anafuna, ndipo palibe amene anapita manja ali m'khosi. Soviet Union anachinjirizidwa ku zombo zazikuru za alendo. Britain anaona cipata cikhala kwa bwenzi. Amalonda anapeza njira. Ndipo mwini cipata anabwezeredwa mfungulo, koma pamodzi ndi malamulo omumanga iye yemwe.

Panganolo liyesedwa

Pa Nkhondo Yaciwiri Turkey anakhala pambali kufikira February, 1945. Nkhondo itatha ku Ulaya, Stalin anatsata mapazi a mafumu akale a Russia. Mu June, 1945, nduna yace Molotov inafuna kuti asilikari a Soviet Union apatsidwe malo pamipatayo, ndi kuti Turkey apereke maiko a Kars ndi Ardahan; mu August, 1946, analembanso kalata yofuna kuti maiko awiriwo azisunga mipata pamodzi. Turkey anakana, ndipo America anaima pambuyo pace. Mu April, 1946, combo cacikuru cankhondo ca America, Missouri, cinali citafika kale ku Istanbul kudzatula maliro a kazembe wa Turkey amene anamwalira ku Washington, ndipo onse anamvetsa tanthauzo la ulendowo. Mu March, 1947, Pulezidenti Truman anapempha nyumba ya malamulo madola 400 miliyoni othandizira Greece ndi Turkey, ndipo m'caka ca 1952 Turkey analowa bungwe la NATO. Kuopseza kwa Stalin kunabala cinthu comwe iye anali kuopa. Atamwalira m'caka ca 1953, omlowa m'malo anabweza mau aja.

Mayeso ena anadza m'caka ca 2022. Russia atalowa ndi nkhondo mu Ukraine pa 24 February, Turkey analengeza pa 28 February kuti atsata mau a ku Montreux, natseka mipata pamaso pa zombo zankhondo za omenyanawo. Pamene combo cacikuru ca Russia cochedwa Moskva cinamira mu April, Russia sanathe kutumiza cina cocokera ku nyanja zina kuti cilowe m'malo mwace. Ndipo mu January, 2024, Turkey ananena kuti zombo ziwiri zocotsa mabomba zimene Britain anapatsa Ukraine sizidzaloledwanso kupita nkhondo iri mkati. Lamulo linaluma mbali zonse ziwiri.

Nkhani ya tirigu, yomwe inagonjetsa Athens, inabweranso. Madoko a Ukraine atatsekedwa ndi nkhondo, mitengo ya tirigu, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera m'maiko ambiri, ndipo ogula buledi ndi alimi a ku Zambia ndi Malawi anamva nao kuwawa kwace. Pa 22 July, 2022, ku Istanbul, bungwe la United Nations ndi Turkey anagwirizanitsa Russia ndi Ukraine kuti zombo za cakudya zizituruka, zikuyamba zaonedwa pafupi ndi Bosphorus. Combo coyamba, Razoni, cinanyamuka ku Odesa pa 1 August citasenza cimanga. Pamene Russia anaturuka m'cigwirizanoco mu July, 2023, cakudya ca matani pafupifupi 33 miliyoni cinali citapita kale.

Pangano la ku Montreux linalembedwa kuti likhale zaka 20, ndipo dziko liri lonse losainapo liri ndi ufulu wopereka cidziwitso cakuti lithe. Caka ca 1956 cinafika nicipita, osaoneka wocita zimenezo. Ambiri alidandaula: Russia aona kuti limpanikiza, America, amene sanasaine nao, aona kuti licepetsa zombo zace, ndipo anthu a mu Istanbul aopa zombo zazikuru za mafuta zimene zikhotakhota pakati pa nyumba zao, pokumbukira moto wa combo ca Independenta m'caka ca 1979. Koma ali yense akaganiza za cimene cingalowe m'malo mwace, aona kuti mnzace ndiye angapindule koposa, ndipo akhala cete.

Zombo ngati 40,000 zipita pa Bosphorus caka ciri conse. Zimene zitsikira ku Dardanelles zidutsa pansi pa mapiri a Gallipoli, pamene pali manda a Aturuki, Angelezi, Afalansa, a ku India, a ku Senegal, a ku Australia ndi a ku New Zealand. Pa 25 April caka ndi caka zidzukulu za obwera aja zisonkhana kumeneko mbanda kuca kukumbukira akufa ao, ndipo owalandira ndi zidzukulu za amene anatseka njira.